Nambala ya pa Thermostat ndi Kutentha Kumene Injini Inapangidwira

(Nyimbo yotsegulira pulogalamu, kenako itsike pang'onopang'ono)

WOULUTSA:  Yakwana nthawi ya pulogalamu yathu ya zamagalimoto. Lero tikamba za kachipangizo kokwana m'dzanja limodzi, kamene amakaniko ena amathamangira kukachotsa galimoto ikangofika kuchokera ku Japan. Dzina lake ndi thermostat. Pa kachipangizoka pamakhala nambala yodindidwa kufakitale, pena 76.5, pena 82, pena 88, penanso 195. Kodi nambala imeneyi imanena chiyani, ndipo mwini galimoto ikumukhudza bwanji? Muno ndili ndi mmisiri wokonza injini za petulo ndi za dizilo. Takulandirani bambo.

MMISIRI: Zikomo kwambiri mayi. Ndipereke moni kwa omvera onse, makamaka anzanga a m'magalaja amene manja ali bii ndi oyilo pakali pano.

WOULUTSA: Tiyambire kwa amene sanakaonepo kachipangizoka. Kamakhala pati, ndipo ntchito yake n'chiyani?

MMISIRI: Petulo kapena dizilo akamapsa m'injini, si mphamvu yonse imene imafika kumatayala. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu limalowa m'zitsulo za injini ngati kutentha, ndipo madzi ndiwo amanyamula kutenthako kupita nako ku rediyeta, kumene mphepo imakaaziziritsa. Thermostat ndi valavu imene imakhala panjira ya madziwo, pakati pa injini ndi rediyeta. Mukatsatira paipi yaikulu ya rediyeta mpaka pamene yalumikizana ndi injini, mupeza kachibowo kotsekedwa ndi mabawuti awiri kapena atatu. Imakhala mmenemo. Pa injini zina ili kupaipi yapamwamba, pa Toyota zambiri ili kupaipi yapansi.

WOULUTSA: Nanga imadziwa bwanji kuti nthawi yotseguka yakwana, popeza zambiri zilibe waya wa magetsi?

MMISIRI: M'kati mwake muli kankhokwe kachitsulo kodzaza ndi phula lopangidwa mwapadera. Injini ikakhala yozizira, phulalo limakhala louma ndipo sipuling'i imagwira valavu kuti ikhale chitsekere. Madzi amangozungulira m'injini momwemo osapita ku rediyeta, motero injini imafunda msanga. Kutentha kukafika pa nambala ija, phula limayamba kusungunuka, limafufuma, n'kukankha kamtengo kachitsulo kamene kamatsegula valavu. Madzi akazizira, phula limabwerera ndipo sipuling'i imatsekanso. Nzeru imeneyi anaitulukira Sergius Vernet m'zaka za m'ma 1930, ndipo mpaka lero ndi imene ili m'magalimoto ambiri. Opanga amasakaniza phulalo mwakuti lisungunuke pa madigiri amene mwini injini wafuna.

WOULUTSA: Ndiye kuti nambalayo ndi malire amene injini siyenera kupitirira?

MMISIRI: Iyayi mayi, ndipo ambiri amasokonezeka pamenepa. Nambalayo ndi pamene valavu imayambira kutseguka. Kuti itseguke yonse, madzi amayenera kutentha ndi madigiri ena 10 mpaka 15 pamwamba pake. Titenge injini ya 1NZ, imene ili mu Toyota Probox, Sienta ndi Corolla zambiri zimene zadzaza m'misewu yathu. Thermostat yake ndi ya 82. Buku la kufakitale limati iyambe kutseguka pakati pa madigiri 80 ndi 84, ndipo pa madigiri 95 ikhale itatseguka mamilimita opitirira 8. Choncho injini yotere ikamayenda pa madigiri 85 kapena 92, ili pamalo pake. Siikudwala ayi.

WOULUTSA: Tatiyalireni manambala amene amapezeka kawirikawiri.

MMISIRI: Pa magalimoto a ku Japan, manambala odziwika ndi 76.5, 78, 82 ndi 88, onse pa muyeso wa Celsius. Honda zambiri zimakhala ndi 78. Toyota zambiri za petulo zimakhala ndi 82. Injini ya dizilo ya 1HZ, ya mu Land Cruiser zija za m'zipatala ndi m'mabungwe, ili ndi 76.5. Tikapita ku Ulaya, Volkswagen zambiri zimakhala ndi 87. Palinso magalimoto ena a ku Germany, monga BMW, amene kuyambira m'zaka za m'ma 1990 ali ndi thermostat yokhala ndi waya. Imeneyi imalola injini kufika madigiri 105 kapena kupitirirapo pang'ono galimoto ikamayenda mopepuka, kuti isamwe mafuta ambiri. Dalaivala akaponda moto kapena akayamba kukwera chitunda, kompyuta ya galimoto imatumiza magetsi otenthetsa phula lija kuti valavu itseguke msanga.

WOULUTSA: Koma ine ndatchula 195 poyamba paja. Madzi angafike madigiri 195 injini osaphulika?

MMISIRI: Imeneyo ndi nambala ya ku America, kumene amayeza kutentha pa muyeso wa Fahrenheit. Kumeneko manambala odziwika ndi 160, 180 ndi 195. Kuti mudziwe kuti ndi madigiri angati pa muyeso wathu, chotserani 32, chulukitsani ndi 5, kenako gawani ndi 9. Mupeza kuti 160 ndi madigiri 71, 180 ndi madigiri 82, ndipo 195 ndi pafupifupi madigiri 91. Ndiye wogulitsa masipeya akakupatsani yolembedwa 180 pamene inu mumafuna 82, musakangane naye, n'chimodzimodzi.

WOULUTSA: N'chifukwa chiyani manambalawa ndi osiyana chonchi?

MMISIRI: Nambala iliyonse ili ndi mbiri yake. Kale ku America, nyengo yachisanu, anthu ankathira m'rediyeta mankhwala a mtundu wa sipiriti kuti madzi asaundane. Mankhwalawo amauluka akangotentha pang'ono, n'chifukwa chake ankagwiritsa ntchito thermostat ya 160. Atabwera makulanti a masiku ano, amene sauluka wamba, manambala anakwera. Ndiye m'zaka za m'ma 1970 kunabwera malamulo oletsa utsi woipa, ndipo makampani monga Ford ndi General Motors anakhazikika pa 192 ndi 195, chifukwa injini yotentha bwino imapsereza mafuta mokwanira. Malo amene thermostat yakhala amasinthanso nambala. Imene ili kupaipi yapansi imamva madzi olowa m'injini, amene ndi ozizirirapo kusiyana ndi otuluka, motero nambala yake imakonda kukhala yotsikirapo.

WOULUTSA: Nanga anzathu a mathiraki, amene amasenza katundu kuchokera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam?

MMISIRI: Injini zikuluzikulu za dizilo sizili kutali ndi manambala omwewa. Za Cummins zambiri zimakhala ndi 180 kapena 190 pa Fahrenheit, kumene kuli madigiri 82 kapena 88. Kusiyana kwake n'kwakuti injini zazikulu zambiri zimakhala ndi ma thermostat awiri moyandikana, chifukwa madzi oyenda mmenemo ndi ochuluka zedi. Pa injini zina awiriwo amakhala ndi manambala osiyana pang'ono, kuti imodzi itsogole kutseguka, inzake itsatire. Posintha, sinthani onse awiri nthawi imodzi, iliyonse pamalo pake. Ndipo dizilo ndiye safuna kuzizira n'komwe, pakuti alibe mapulagi oyatsira moto ngati petulo. Amayaka chifukwa cha kutentha kwa mpweya umene wapanikizidwa m'silinda. Injini ya dizilo yozizira imasuta, imalira mogogoda, ndipo imadzaza mwaye.

(Nyimbo kwa kamphindi)

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za thermostat ya m'injini ndi nambala imene imadindidwa pamenepo. Bambo, tsopano ndilankhule m'malo mwa madalaivala ambiri. Iwo amati kachipangizoka n'ka kumayiko a chisanu monga Japan ndi Britain. Kuno kwathu dzuwa limaswa mtengo, ku Nsanje ndi ku Chikwawa kutentha kumapitirira madigiri 40 mwezi wa Okutobala ndi Novembala. Akulakwa pati akamachotsa?

MMISIRI: Ndiwauze chinthu chimodzi. Munthu wa ku Nsanje ndi munthu wa ku Dedza akapita kuchipatala kukayezedwa kutentha kwa thupi, onse awiri akakhala athanzi chipangizo chimaonetsa pafupifupi madigiri 37. Wa ku Nsanje safuna thupi lozizirirapo chifukwa choti kwawo n'kotentha. Injini nayonso ili ndi kutentha kwake kumene inapangidwira, ndipo sikusintha ndi dziko. Madigiri 40 a ku Chigwa cha Shire kwa ife ndi ng'anjo, koma kwa injini imene ikufuna 85 kapena 90, kumeneko n'kozizira ndithu.

WOULUTSA: Koma poti injini ikatentha kwambiri imawonongeka, kuzizira kukanakhala kwabwino.

MMISIRI: Apa ndiye pagona nkhani. Thermostat imaletsa injini kuzizira mopitirira muyeso. Kuletsa injini kuwira ndi ntchito ya rediyeta, fani, pampu ya madzi ndi chivindikiro. Tayerekezani kuti minibasi yadzaza, yawoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, yayamba kukwera mapiri a Thabwa kulunjika ku Blantyre masana. Madzi akafika madigiri 95, thermostat ya 82 yatseguka yonse. Ya 76.5 nayonso yatseguka yonse. Kuyambira pamenepo palibenso chimene zingawonjezere. Minibasiyo ikawira pamtundapo, vuto lili kwina. Kuika thermostat ya nambala yotsika kumangochedwetsa kuwirako ndi mphindi zochepa.

WOULUTSA: Palibe opanga magalimoto amene anaganizirapo za mayiko otentha?

MMISIRI: Alipo. Mabuku akale a Datsun, imene lero ndi Nissan, ankapereka manambala atatu pa injini imodzi: 82 kwa mayiko ambiri, 88 kwa madera ozizira kwambiri, ndi 76.5 kwa madera otentha. Taonani kuti kusiyana kwake ndi madigiri ochepa chabe, ndipo ngakhale kumadera otenthako thermostat inalipobe. Ngati buku la galimoto yanu likulola manambala awiri, mukhoza kusankha yotsikirapo. Koma kungoichotseratu si njira imene wopanga injini anaikonza.

WOULUTSA: Tiuzeni tsono chimene chimachitika m'injini imene ilibe thermostat.

MMISIRI: Choyamba ndi thumba lanu. Galimoto za masiku ano zili ndi sensa imene imauza kompyuta kutentha kwa madzi. Injini ikakhala yozizira, kompyuta imawonjezera mafuta dala kuti injini isazime. Zimenezi zimayenera kuchitika mphindi zochepa zam'mawa basi. Koma thermostat ikachotsedwa, injini imachedwa kufunda, pamtsetse n'kuziziranso, ndiye kompyuta imapitiriza kuthira mafuta ambiri. Mwini galimoto amangodandaula kuti ikumwa mafuta, n'kumasintha mapulagi ndi mafyuluta osaphula kanthu.

Chachiwiri n'kutha kwa zitsulo. Mapisitoni ndi maring'i anapangidwa kuti akwane bwino m'silinda zitsulo zikafufuma ndi kutentha. Zikakhala zozizira, mpata umakula, ndipo mafuta osapsa amatsikira m'mbali mwa silinda, amatsuka oyilo amene amateteza zitsulo, n'kukasakanikirana ndi oyilo wa pansi. Chachitatu ndi chinyezi. Mafuta akamapsa amatulutsa nthunzi, ndipo ina imalowa mu oyilo. Injini yotentha bwino imaiumitsa nthunziyo. Yozizira imaisunga, ndipo oyilo amasanduka chiphalaphala chakuda chimene chimatseka tinjira ta oyilo. Kuwonongeka kotere sikuoneka tsiku limodzi. Kumabwera mwakachetechete, mpaka tsiku lina mumauzidwa kuti injini ikufuna kuphwasula.

WOULUTSA: Ena amati atachotsa, galimoto inasiyadi kuwira.

MMISIRI: Zimatheka, ngati thermostat yakaleyo inali itafa chitsekere. Imeneyo imawiritsadi injini m'kanthawi kochepa. Mukakhala kutchire kopanda sitolo, kuichotsa kuti mukafike kumene kuli masipeya si mlandu. Mlandu ndi kuiwala kuikamo yatsopano. Komanso dziwani kuti pa injini zambiri kuchotsa thermostat ndiko kumayambitsa kuwira. Ma thermostat ambiri ali ndi kambale kachiwiri kumunsi kwake. Valavu ikamatseguka, kambaleko kamatseka njira yachidule ija imene madzi amazungulirira m'injini osafika ku rediyeta. Mukaichotsa, njira yachiduleyo imakhala chitsegukire, madzi ena otentha amangobwerera m'injini, ndipo pachitunda cha Chiweta kapena cha Khwekhwerere galimoto imawira ngakhale rediyeta ili yatsopano.

WOULUTSA: Madigiri 95 amene mwatchulawa ali pafupi kwambiri ndi 100, pamene madzi amawira. Si kusewera ndi moto kumeneko?

MMISIRI: Madzi amawira pa 100 kumtunda kofanana ndi nyanja yamchere. Ku Lilongwe, kumene kuli pamtunda wa mamita opitirira pang'ono 1,000, amawira pa madigiri 96 kapena 97. Chimene chimapulumutsa injini ndi chivindikiro cha rediyeta. Nachonso chili ndi nambala yake, kawirikawiri 0.9 kapena 1.1, imene imanena mphamvu imene chimapanikizira madzi. Madzi opanikizidwa choncho sawira mpaka atapitirira madigiri 115, ndipo mukaphatikiza kulanti malirewo amakweranso. Ndiye chivindikiro chotha labala, chotchipa chomwecho, chikhoza kuwiritsa galimoto imene china chilichonse chili bwino. Anthu n'kumanamizira thermostat.

WOULUTSA: Galimoto ikamawira tsono tiyang'ane chiyani?

MMISIRI: Yambani ndi madzi, ngati akukwanira komanso ngati sakudontha penapake. Onani chivindikiro. Onani fani ngati ikuzungulira injini ikatentha, ndi lamba ngati sanakhwefuke. Onani rediyeta kunja, ngati siinatsekeke ndi matope, udzu ndi tizilombo. M'kati namonso, madzi a pamjigo ndi a pachitsime amasiya laimu ndi dzimbiri zimene zimatseka timapaipi tating'ono ta rediyeta, n'chifukwa chake timalimbikitsa kulanti. Pampu ya madzi nayo imadyeka mapiko. Pomaliza pali gasiketi ya hedi, imene ikapsa imalowetsa mpweya wotentha m'madzi. Ndipo tisaiwale katundu wopyola muyeso.

WOULUTSA: Munthu amene wagula galimoto kwa mnzake angadziwe bwanji kuti thermostat ilimo ndipo ikugwira ntchito?

MMISIRI: Lizani injini m'mawa isanayende, mugwire paipi ya rediyeta imene yalumikizana ndi thermostat, manja ndi zovala zili kutali ndi fani ndi lamba. Thermostat yabwino imasiya paipiyo ili yozizira kwa mphindi zingapo, kenako imatentha mofulumira valavu ikatseguka. Paipi ikayamba kufunda pang'onopang'ono kuchokera pachiyambi, ndiye kuti thermostat mulibe kapena inafa chitsegukire. Geji nayo imanena zoona: muvi ukamakwera pamzere wa magalimoto m'tauni, n'kugwa mukamatsika mtsetse wautali, pali vuto. Magalimoto ang'onoang'ono ambiri monga Vitz, Fit ndi Sienta alibe geji. Ali ndi kanyali ka buluu kapena kobiriwira kosonyeza kuti injini idakali yozizira, ndi kofiira kochenjeza kuti yatenthetsa. Kabuluuko kakamachedwa kuzima, kapena kakamayakanso muli paulendo, pitani kugalaja. Amene ali ndi makina oyezera adzapeza nambala ya vuto yakuti P0128 pa magalimoto ambiri, imene imanena kuti injini siikufika pa kutentha kwake.

WOULUTSA: Nanga thermostat ikakhala m'manja, tingaiyese?

MMISIRI: Mosavuta. Imangirireni kawaya, muiviike mumphika wa madzi osakhudza pansi, muikemo choyezera kutentha, muyatse moto. Iyambe kutseguka pafupi ndi nambala yake, ikhale itatseguka bwino madzi akamayandikira kuwira, ndipo itsekeke yonse ikazizira. Imene ili yotseguka ngakhale ili yozizira m'manja mwanu, kapena imene siisuntha m'madzi owira, yatha ntchito. Koma zija za madigiri opitirira 100 sizingayesedwe mumphika, chifukwa madzi amawira zisanatseguke.

WOULUTSA: Pogula yatsopano, malangizo anu ndi otani?

MMISIRI: Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Musangonena kuti ndikufuna thermostat ya Toyota. Tengani nambala ya chasisi ndi dzina la injini, ndipo ngati yakale ilipo, pitani nayo. Yerekezani nambala ya madigiri, kukula kwake, kutalika kwake, ndi kambale kakumunsi kaja. Ziwiri zikhoza kukhala ndi 82 yofanana koma imodzi n'kukhala yaifupi moti siifika potseka njira yachidule. Chenjeraninso kuti yakale imene mwaipeza m'galimotomo mwina inaikidwa ndi wina molakwika, ndiye buku la galimoto ndilo liweruze. Poika, mbali ya sipuling'i ndi phula iloze kuinjini. Ma thermostat ambiri ali ndi kachitsulo kakang'ono kogwedera m'mphepete, kotulutsira mpweya, ndipo pa injini zambiri kamayenera kukhala pamwamba. Ikani labala kapena gasiketi yatsopano, thirani kulanti, ndipo tulutsani mpweya wonse, chifukwa mpweya ukatsekeredwa pa thermostat, phula silimva kutentha kwa madzi.

WOULUTSA: Mawu anu omaliza kwa amakaniko anzanu?

MMISIRI: Anzanga, kasitomala akabwera ndi galimoto yowira, tifufuze chimene chayambitsa. Kuchotsa thermostat n'kwachangu ndipo kasitomala amachoka akumwetulira, koma amakalipira pa pampu ya mafuta mlungu ndi mlungu, kenako n'kudzalipiranso pokonzetsa injini. Ndipo kwa madalaivala, musatsegule chivindikiro cha rediyeta injini ili yotentha. Madzi opanikizidwa aja amathovoka ndi mphamvu ndipo amawotcha nkhope ndi manja koopsa. Imani pambali, zimitsani injini, dikirani izizire.





WOULUTSA: Omvera athu, nambala ya pa thermostat ndi madigiri amene valavu imayambira kutseguka, ndipo anaisankha ndi amene anapanga injini yanu. Ikafa, ikani ina ya nambala yomweyo. Ulendo wotsatira mukapita kugalaja kukasintha oyilo, funsani makaniko wanu ngati thermostat ili m'malo mwake, ndipo ngati mulibe, gulani muikemo.  Yendani bwino pamsewu.

(Nyimbo yotsekera pulogalamu)